Ulendo wa Chikwama Changa

Lolemba

Holide yatsala sabata imodzi, ndipo sabata imeneyi ndi yanga. Ndikupita kunkhalango! Nkhalango yeniyeni, ya mitengo yotchinga dzuwa, osati timitengo ta kesha tili kuseri kwa zimbudzi za kusukulu tija.

Ndilembe pano chimene chayambitsa, kuti mantha akandigwira ndizidzawerenga. Tsiku lotsekera teremu ndinkaphunzitsa Sitandade 6 za nyama za m'nkhalango zowirira, phunziro limene ndalibwereza zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinajambula nchima pabolodi, mchira wautali bwinobwino. Tamandani, kamtsikana kokhala kutsogolo kaja, kamene mkono wake sutopa n'kukweza, kanandifunsa kuti: "Madamu, nchimayo munaionapo ndi maso anu?"

Ine wobadwira ku Kawale, wokulira ku Kawale, wokwatiwa ku Area 23. Nyama yakutchire imene ndikuidziwa bwino ndi khoswe. Ndiye pakamwa panga panayankha pokha, osandifunsa mwini wake: tikatsegulira ndidzakubweretserani chithunzi cha nchima chojambula ineyo. Sukulu ikutsegulira Lolemba likudzali. Ana a Sitandade 6 amaiwala homuweki, koma lonjezo la mphunzitsi saiwala.

Pulani ili motere. Eni nyumba tikuchita lendi ino, Amake Dalitso, kwawo ndi ku Mulanje, kuseri kwa phiri, mudzi womaliza kumene msewu umathera m'nkhalango. Alamu awo, a Gonani, ali ndi lole. Lachinayi lililonse amapita kumeneko kukatenga nthochi ndi mapeyala, n'kubwerera Lamulungu. Popita lole imakhala yopanda kanthu. Mpando wakutsogolo ndi wanga, atero a Gonani. Masiku awiri athunthu m'nkhalango, ine ndekha ndi foni yanga.

Ndagula chikwama chobereka kumsana pa kaunjika, chobiriwira, cha zingwe zambiri zimene sindikudziwa ntchito yake. M'kati mwalowa:

nsapato zolimba
jekete la mvula
tochi
zitenje ziwiri
mafuta othamangitsa udzudzu
mtedza wokazinga
ndalama za ulendo, zimene ndazisokerera m'kathumba ka m'kati poopa akuba

Basi. Munthu wa m'nkhalango amayenda mopepuka.

Abambo a Yankho, amuna anga, akhala akundiyang'ana uku akukonza wailesi ya munthu. Mawu awo ndi amodzi okha: akuti sanaonepo munthu wosiya nyumba ya magetsi n'kupita kukafunafuna udzudzu kwawo kwa udzudzu.

Masana ndabereka chikwama kuti msana uzolowere, kuchoka pageti kukafika kumsika n'kubwerera. Ndikudutsa pampope, amayi onse asiya kutunga. Mmodzi wanditsatira, wandikokera pambali n'kuyamba kundinong'oneza kuti banja ndi kupirira, ndisachoke chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Kuti ndiyeretse dzina la amuna anga ndaima pomwepo n'kufotokoza zonse mokweza: Mulanje, Lachinayi, lole yopanda kanthu.

Onse andifunira ulendo wabwino. Anthu okoma mtima.

Lachiwiri

Sikisi koloko m'mawa, odi pakhomo. Amake Dalitso ndi kajumbo: shuga mapaketi awiri ndi sopo, za achemwali awo kumudzi. Palibe vuto. Ndikukagona m'nyumba mwa achemwali omwewo, ndingakane bwanji? Zalowa m'chikwama, malo alipobe.

Seveni koloko, odi wina. Hafu seveni, wina.

Sindinadziwe kuti m'dera lathu lino muli anthu a ku Mulanje ochuluka chonchi. Zaka zonsezi timangopatsana moni, kani onse ndi pachibale. Aliyense amayamba chimodzimodzi. Akhala pampando, afunsa za ana, adandaula za madzi osatuluka, kenaka n'kuti: "Tamva kuti muli pa ulendo, aphunzitsi. Tili ndi kakatundu kakang'ono chabe."

Ndafunsa Amake Dalitso chifukwa chake anthuwa sapatsira a Gonani, amene amapita sabata iliyonse. Aseka mpaka kugwira khoma. Akuti a Gonani analumbira kalekale kuti katundu wa anthu sadzanyamulanso, anatopa ndi milandu ya mchere wotayika. Koma katundu wa mlendo wawo sangamukane. Ndiye zonsezi, pamaso pa a Gonani, ndi katundu wanga. Komanso akuti anthu akundikhulupirira chifukwa mphunzitsi amalemba.

Ndakondwa nawo mawuwo, ndisaname. Ndatenga choko, katundu aliyense ndikumulemba nambala, ndipo kumapeto kwa kope lino ndikulemba nambala, mwini wake, ndi wokalandira. Dongosolo!

Pofika madzulo:

mafuta ophikira, zigubu zitatu
nyale ya sola
nsapato za mwana woyamba sukulu, zokulirapo dala
mayunifomu a kwaya khumi ndi anayi, ositasita, osapinda
ketulo
wailesi ija ankakonza abambo a Yankho, kani mwini wake amaifuna ipite kwa apongozi
kanvulopu komata, kamene akuti ndisakaike padzuwa, ndisakafunse za m'kati

M'chikwama zonsezi sizikwana. Ndatulutsa chitenje chimodzi ndi mtedza kuti kanvulopu ndi nsapato za mwana zipeze malo. Zotsalazo zili pabalaza, pamzere ngati ana pa asembule.

Abambo a Yankho abwera kuchokera kuntchito, aima pakhomo, ayang'ana. Afunsa ngati tatsegula golosale.

Komabe pulani sinasinthe. Ndikafika Lachinayi madzulo, ndikagawa katundu ola limodzi, Lachisanu mbandakucha ndili pansi pa mitengo.

Lachitatu

Mawu akuti kakang'ono atha ntchito. Lero kwabwera:

matiresi
malata asanu ndi limodzi
njinga yopanda tcheni (tcheni chili kale kumudzi)
chitseko chachitsulo pamodzi ndi felemu yake
matumba awiri a simenti, a chiliza cha malemu wina
tambala wamkulu woyera, wokasintha mtundu wa nkhuku zakumudzi

Chitsekocho ndinafuna kukana. Ndinatsegula pakamwa, mawu anali atafika kale pakhosi. Koma mwini wake ndi bambo wa mwana amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, ndipo anayamba ndi kundithokoza kuti mwanayo tsopano ali ku koleji. Munthu akukuthokoza ungamukanire chitseko? Nambala 31.

Tambala wamangidwa kumwendo wa tebulo. Wadya kale theka la mtedza wanga uja. Nyama yoyamba ya ulendo uno, ndaijambula poyesa kamera. Yatuluka bwino.

Masana ndapita kwa Amake Dalitso kukachita kafukufuku. Kuli atsibweni awo, mkulu wa zaka zambiri amene anabwera kuchipatala kudzachotsa ng'ala m'maso. Anabadwira m'mudzi ndikupitawo, moyo wawo wonse ali m'mphepete mwa nkhalango. Akhala pakhonde atavala magalasi akuda a kuchipatala, akuyang'ana chilichonse mwachidwi. Akuti chiwachotsereni ng'ala azindikira zinthu ziwiri: Lilongwe ndi wafumbi, ndipo Amake Dalitso akalamba.

Ndagwada, ndapereka moni, ndatsegula kope. Ndawapempha anditchulire nyama za kwawo. Ndalemba monga anenera:

nchima, mbava ya chimanga
nguluwe, mbava ya chinangwa
gologolo, mbava ya mtedza
nungu, mbava ya chilichonse
changa, sabadi koma sagonetsa anthu
misundu, imakwera m'miyendo osagogoda

Ndafunsa ngati kulibe nyama ina yabwino, yosaba. "Inaliko," atero, "koma tinadya."

Sakumvetsa kuti munthu wophunzira, wolandira malipiro a boma, angakwere lole tsiku lathunthu kukaona mdani wawo. Andifunsa kawiri ngati kulibe wachibale amene ndikukamuona. Nditawafotokozera za Tamandani ndi chithunzi, andilangiza mwachifundo: "Mukafuna nchima musavutike ndi kuyendayenda, aphunzitsi. Dzalani chimanga, ibwera yokha."

Ndawakonda mkuluyu. Akuti adokotala awaonanso mawa kapena sabata yamawa, sakudziwa bwino. Akusowa kwawo, zikuoneka pankhope. Akuti akufuna akaone phiri lija ndi maso atsopanowa, poti zaka zisanu ndi ziwiri akhala akungolimva mphepo yake.

Ndabwerera kunyumba ndapeza ndowa ziwiri ndi mpando wa pulasitiki pakhomo, eni ake osadziwika, koma pali kapepala. Manambala afika 38. Polowa kuchipinda tikuyenda chammbali.

Mawa! Nsapato ndaziika m'chikwama kuti zisade ndi fumbi la m'njira, ndiyenda ndi masilipasi. Foni yadzaza moto. Mtima uli dyokodyoko ngati wa mwana wa Sitandade 1.

Lachinayi

Ndikulemba ndili pabalaza panga. Pabalaza pali mbee, mpaka mawu akumveka kawiri.

Zinayenda motere.

Faifi koloko lole yaima pageti. Woyamba kutuluka ndine, mphunzitsi sachedwa. Chikwama changa ndiye choyamba kukwera, a Gonani achiika pakona kutsogolo kwenikweni, kuti chisagwe. Kenaka ayang'ana anthu akutuluka m'nyumba mwanga pamzere, wina chitseko pamutu, wina njinga, wina tambala m'khwapa. Andiyang'ana ine. Afunsa ngati zonsezi ndi zanga. Anthu makumi atatu akundiyang'ananso. Ndati eya, ndi zanga.

"Mukukakhalitsa," atero a Gonani.

Kupakira kwatenga maola atatu. Simenti pansi, malata, chitseko, matiresi pamwamba, mayunifomu a kwaya pamwamba pa matiresi. Pobwera anthu ena amene sanamve msanga, ndi timatumba tawo, ine ndili ndi choko m'manja, 44, 45, 46. Aphimba ndi lona, amanga zingwe, a Gonani akoka mfundo yomaliza ndi mano.

Kutsogolo kwa lole kuli malo a anthu atatu: a Gonani, mayi wina wamalonda amene nthochizo zimakhala zake, ndi ine. Ndagwira kale chitseko cha lole, mwendo umodzi uli pa sitepe.

Ndiye geti la Amake Dalitso latseguka. Atsibweni, atavala jekete la suti, magalasi akuda, ndodo m'manja, kachikwama kakang'ono m'khwapa. Kani dzulo madzulo kuchipatala anaimba kuti safunikanso kubwera, maso ali bwino.

Amake Dalitso sanapemphe kanthu. Angoima atawagwira mkono. Atsibweni akungoyang'ana lole ngati mmene ine ndakhala ndikuyang'anira chikwama changa sabata yonseyi. Anthu onse chete. Ngakhale tambala chete.

Ndafunsa a Gonani ngati ndingakhale kumbuyo. Aloza phiri la katundu lija, lofika pamwamba kuposa denga la lole. Akuti tsiku lina lililonse kumbuyo kukanakhala malo ogona anthu khumi, koma lero, ndi katundu wangayu, munthu pamwamba apo apolisi apamsewu sangalole, ndipo iwonso sangalole.

Katundu wanga!

Ndatsitsa mwendo pa sitepe. Ndamva pakamwa panga pakunena mawu aja ndakhala ndikunena chiyambire Lachiwiri: palibe vuto. Ndawathandiza atsibweni kukwera, ndawaikira ndodo pambali. Andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, nthawi yaitali ndithu.

Ndakumbuka chikwama injini italira kale. Chili pansi pa simenti, pansi pa malata, pansi pa chitseko. A Gonani akuti kumasula zonsezi ndiye kuti anyamuka masana, ndipo msewu wa kuphiri suyendeka mdima ukagwa. Akuti chikhala bwino, achisunga.

Lole yapita. Anthu akuibayibitsa, ena akundibayibitsa ine, osazindikira kuti ndaima pakati pawo.

Pobwerera ndadutsa pampope ndi masilipasi anga. Mayi uja wa malangizo a banja wandifunsa ngati ndabwerako kale.

Abambo a Yankho sanaseke. Andiphikira tiyi, aika shuga wambiri, atuluka panja. Ndawamva akuseka kuseri kwa bafa.

Lachisanu

Pulani yachiwiri: kukwera basi ya ku Limbe, kuchoka apo minibasi, kenaka kabaza mpaka kumudzi. Ndikhoza kufika lero lomwe, mawa n'kulowa m'nkhalango, Lamulungu n'kubwerera pa lole.

Zofunika pa pulani yachiwiri: ndalama za ulendo, nsapato, jekete la mvula. Zonse zafika kale ku Mulanje, zikundidikira. Ndalamazo ndinazisoka ndi ulusi wowirikiza kanayi, palibe wakuba angazipeze, ngakhale mwini wake.

Ndikulingalira zimenezi, foni yalira. A Gonani. Mawu awo akumveka ngati a munthu amene wazingidwa. Akuti mudzi wonse uli palole. Akuti anakumana ndi mvula yamphamvu kupitirira Ntcheu, lona ndi lobooka, ndipo manambala anga a choko afufutika onse. Onse! Ndipo mndandanda wa eni katundu uli kuti? Uli kumapeto kwa kope lino, pamiyendo panga, ku Area 23.

Mphunzitsi amalembadi.

Kumudziko netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pachulu china chili m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango. Ndiye ntchito yayenda chonchi tsiku lonse: a Gonani atsika kupita kulole, atenga katundu mmodzi, amuyang'ana, akwera pachulu, andiimbira. Chigubu chachikasu chotsekera chofiira. Ine ndifufuza m'kope, ndithamanga kwa mwini wake kukafunsa ngati chotsekera chake chinali chofiira, ndibwerera, ndiimba. Zigubu zitatu zofanana zatidyera ola lathunthu. Tambala yekha ndiye sanavute, akuti anadumpha n'kulowa nyumba yolakwika, ndipo eni nyumbayo akuti ndi mmene Mulungu wafunira.

Cha m'ma fili koloko a Gonani aimbanso za ketulo. Akuyankhula, ine ndamva zina kumbuyo kwa mawu awo. Ndawapempha akhale chete pang'ono. Adabwa, koma akhala.

Madzi akugwa penapake patali, osalekeza. Mbalame zambirimbiri, iliyonse ndi nyimbo yake, ina ngati ikuitana munthu dzina. Masamba akudontha. Ndatseka maso, ndili pakhonde langa, foni ndaikanikiza kukhutu mpaka khutu kuwawa. Kenaka mawu amodzi aakulu, ngati galu wauwa kamodzi n'kusintha maganizo.

"Ndi zimenezo nchima zanuzo," atero a Gonani. "Zili pamwamba panga pompano, zinayi. Ina yabereka mwana."

Ndakuwa kuti ajambule msanga. Anthu a pampope atembenuka. A Gonani andikumbutsa modekha kuti foni yawo ndi ya mabatani, imangodziwa kuimba ndi kuunikira.

Ndawapempha angokhala pomwepo osadula. Akhala mphindi ziwiri, mwina zitatu, bambo wamkulu ataimika foni m'mwamba pachulu kuti mphunzitsi wa ku Lilongwe amvere anyani. Kenaka afunsa mwaulemu ngati tingabwerere ku nkhani ya ketulo.

Ndalira pang'ono, ndisabise. Koma ndaimva. Ndi khutu langali ndaimva.

Katundu yense wafika kwa eni ake kupatula ndowa imodzi, imene mabanja awiri agwirizana kuti azibwerekana.

Loweruka

Pulani yachitatu ndi ya abambo a Yankho. Akuti m'tauni momwe muno muli malo osungirako nyama zakutchire, minibasi ziwiri zokha kuchoka pano. Ndipite, ndijambule chilichonse cha mchira, nkhani ithe. Si zimene ndinalonjeza, koma munthu akasowa nyama amadya bowa. Ndasamba, ndavala, ndatenga foni.

Odi pakhomo.

Mwini wake wa chitseko, ndi mkazi wake, abwera kudzathokoza. Akuti chafika bwino, achiika kale, amayi awo agona mosatekeseka koyamba. Mlendo sungamusiye pampando n'kumapita kukaona anyani. Ndaika madzi a tiyi pamoto.

Asanatuluke, afika a mayunifomu a kwaya. Kenaka a simenti. Kenaka mayi wa kanvulopu komata, amene wangondikumbatira, ndipo mpaka pano sindikudziwa zimene zinali m'katimo. Ketulo yanga yawira kasanu ndi kawiri. Aliyense akuti ulendo wanga wathandiza kwambiri. Mmodzi wafunsa kuti ndipitanso liti.

Masana Amake Dalitso abwera akuthamanga ndi foni yawo. Mwana wa achemwali awo, mayi wachitsikana wa kumudziko, ali ndi foni ya kamera, ndipo anamuuza za vuto langa. Wakwera pachulu, watumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi:

kwaya yonse itavala mayunifomu
atsibweni atakhala pampando wa pulasitiki uja, opanda magalasi, akuyang'ana m'mwamba kuphiri, pakamwa pali yasa
chitseko
mbuzi
chala cha wojambula
mayi wachitsikanayo, atavala jekete langa la mvula, atabereka chikwama changa chodzaza mapeyala, akutuluka m'nkhalango

Chomalizachi ndachiyang'ana nthawi yaitali. Mitengo yake, mayo ine! Thunthu limodzi kukula kwake ngati kalasi yanga, zingwe zikulendewera kuchokera kumwamba, kuwala kukungodontha pang'onopang'ono. Chikwama changa chafika kumene ndinkafuna, ndipo chikuoneka kuti chikusangalala.

Pakona ya chithunzicho, pa nthambi, pali kanthu kakuda. Abambo a Yankho akuti ndi nchima, palibe kukaika. Ndavala magalasi, ndakulitsa mpaka chithunzi chasanduka phala. Ikhoza kukhala nchima. Chikhozanso kukhala chisa cha nyerere.

Alendo omaliza atuluka dzuwa litapendeka, kosungira nyama kuja atseka kale. Abambo a Yankho atenga foni yanga, akanikizakanikiza, andibwezera muli chithunzi cha nchima chokongola zedi cha pa intaneti, maso ake owala, ubweya uliwonse ukuoneka. Akuti ana sangadziwe.

Ana ena sangadziwedi. Tamandani adzafunsa kuti ndinaima pati pojambula.

Sindinachifufute. Sindinanenenso kuti ndichigwiritsa ntchito. Chili m'foni, ndipo ndikuchimva kulemera kwake.

Lamulungu

Kutchalitchi m'mawa. Pa zolengeza andithokoza ndi dzina chifukwa cha mtima wothandiza pa ulendo wanga wa ku Mulanje. Anthu aomba m'manja. Ndaimirira, ndaweramitsa mutu, ndakhala pansi. Kufotokoza ndatopa nako.

Fili koloko lole yafika. A Gonani atsika, andipatsa moni wa manja awiri, kenaka ayamba kutsitsa zanga: mikoko iwiri ya nthochi, dengu la mapeyala, nzimbe, nandolo, chinangwa, ndi nkhuku yaikazi yochokera kwa atsibweni. Akuti mkuluyo wanena kuti phiri lija analiiwala kuti ndi lalitali chonchija. Pabalaza padzazanso.

Pomaliza chikwama. Chanyowa, chadetsedwa ndi dothi lakuda, chikununkhira masamba oola ndi utsi. Ndachinunkhiza kawiri anthu asakuona. Zanga zonse zilimo, ndalama zili mmene ndinazisokera, tochi sinayatsidwe n'komwe.

Ndakhala pakhonde kuti ndichikutumule. M'kathumba ka pambali mwatuluka timitengo, ndere, ndi masamba ouma. Ndikuwasesa ndi dzanja, tsamba limodzi latambasula mwendo.

Kabilimankhwe! Koma osati aja obiriwira a m'mipanda ya kuno. Aka ndi kofiirira ngati tsamba louma, kutalika kwake sikapitirira chala changa chachikulu, kamchira kafupifupi kosapindika. Kayenda ulendo wonse wa pa lole m'kathumba, kali moyo, kakundiyang'ana ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana nthochi.

Amake Dalitso, amene anabadwira m'mphepete mwa nkhalango, athawa, afika pageti lawo ndisanamalize kunena dzina lake. Abambo a Yankho akuti m'nyumba muno mugona iwo kapena iko. A Gonani avomera kukabweza kwawo Lachinayi, koma kumbuyo kwa lole, m'katoni yomanga ndi chingwe, ndipo sakagwira ndi manja, akangotsegula ndi kamtengo pachulu paja.

Ndakaika m'katoni ya sopo, ndaboola timabowo, ndaikamo timitengo take tomwe tija ndi khoko la nthochi yakupsa kwambiri. Tintchentche tating'ono tabwera tokha. Ndakhala pansi pakhonde, kope pamiyendo, maola awiri osasuntha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene ndaona:

kasanaponde kamagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, ngati tsamba pamphepo
zala zake zagawikana pawiri, kamagwira kamtengo ngati mbaniro
lilime sindinalione, ndangoona kuti ntchentche inalipo ndipo palibe
ndikawaza timadzi pa tsamba kamanyambita dontho limodzi basi
kakachita mantha sikathawa, kamangouma gwa
kakakhala pa kamtengo kakuda kamaderako pang'ono

Ndatsegula buku la mphunzitsi, ndafufuza tsamba ndi tsamba. Nchima ilimo, nguluwe ilimo, bilimankhwe wamkulu wobiriwira alimo. Aka mulibe. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri buku lakhala likudziwa zambiri kuposa ine, lero ndalipambana ndi mizere isanu ndi umodzi.

Chithunzi cha pa intaneti chija ndachifufuta. Abambo a Yankho aona ali pawindo, apukusa mutu, abwerera kukadya peyala lawo lachitatu.

Kunkhalango sindinapite. Holide yatha. Zikundiwawa, koma osati mmene ndinkaganizira. Yunifomu ya Yankho ndasita, choko chatsopano chili m'kachikwama ka m'manja, katoni ili pakhonde pamthunzi.

Mawa ndikaima kutsogolo ndikanena mosazungulira: ana inu, sindinapite, nchima sindinaione, chithunzi ndilibe. Aseke, ndi ufulu wawo. Akatha kuseka, Tamandani abwere kutsogolo, asuzumire m'katoni, atiuze zimene akuona ndi maso ake. Ine ndikhala ndili pabolodi, ndizilemba.